Amene Ankawerenga Miyezi ya Amayi

Mwa zinthu zonse zimene makolo athu ankazisunga kutali ndi makutu a amuna ndi a ana, palibe china chimene chinkayang'aniridwa ndi maso akuthwa koposa msambo wa mkazi. Pakuti kufika kwake koyamba ndiko kunkalengeza kuti mtsikana watha msinkhu ndipo ayenera kulangidwa, ndipo kusowa kwake, pamene mwezi waoneka ndi kufa kawiri kapena katatu mkazi osaona kanthu, kunali funso limene mudzi unkadikira yankho lake ngakhale kuti pabwalo panalibe wolitchula. Lero mayi amene wadumpha miyezi amasenza nkhawa yake yekha, koma kale miyezi ya mkazi inali ndi eni ake oiwerenga, ndipo owerengawo anali ndi nzeru zawo, zina zoona kotero kuti madokotala anadzangozivomereza patapita mibadwo, zina zosokera kotero kuti zinaliritsa akazi osalakwa.

Munthu angafunse kuti, popeza nkhaniyi inali yachinsinsi chotere, ena ankaidziwa bwanji? Yankho lake lili mumphika wa ndiwo. Mwambo wa Achewa ndi Amang'anja unkaletsa mkazi amene ali kumwezi kuthira mchere m'ndiwo, poopa kuti akatero adzadula mwamuna wake ndi ana ake, ndiko kunena kuti adzawagwetsera mdulo, kapena tsempho monga anenera ena, nthenda ija ya kutupa miyendo ndi nkhope, kuwawa kwa pachifuwa ndi kuwonda. Chifukwa chake masiku amenewo ankaitana kamwana kosatha msinkhu, kapena gogo, kuti adzamuthirire mcherewo, ndipo usiku ankayala mphasa yake payekha. Tsono m'mudzi wa chikamwini, mmene mkazi ankakhala pakati pa amake, amake aang'ono, akulu ake ndi agogo ake, onse osinja pamtondo umodzi ndi kudya pachidyerano chimodzi, kunali kosatheka kuti kuitana mwana kuja kusamveke, ndipo kunali kosathekanso kuti kuleka kwake kusaoneke. Mkazi akapitiriza kudzithirira yekha mchere mwezi uno ndi wotsatira, ntchembere zinali zitawerenga kale iye mwini asanatsegule pakamwa.

Komatu tisayese kuti kudumpha miyezi kunali chinthu chachilendo masiku amenewo. Kunena zoona, kusamba mwezi ndi mwezi kwa zaka zotsatizana, kumene akazi a lero amakuyesa chikhalidwe cha thupi labwino, agogo athu ambiri sanakudziwe konse. Mtsikana ankakwatiwa posakhalitsa atavinidwa. Ankaima, nachira, nayamwitsa zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo msambo ukangobwerera kawiri kapena katatu ankaimanso, kufikira ukalamba utamupeza. Mayi wina wophunzira wa ku America, Beverly Strassmann, amene anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Dogon ku Mali m'zaka za m'ma 1980, kumene akazi amagona m'tinyumba tapadera akakhala kumwezi kotero kuti kuwerenga kunali kosavuta, anapeza kuti mkazi wa kumeneko amasamba pafupifupi ka 100 pa moyo wake wonse, pamene wa ku America amasamba ka 400 kapena kuyandikira pamenepo. Ife tinalibe tinyumba totero, koma kabereke ndi kayamwitsidwe ka makolo athu sikanatalikirane ndi ka anthu amenewo. Motero mkazi wokwatiwa amene ankasamba mwezi uliwonse osadumpha ndiye ankadetsa nkhawa abale ake, pakuti zinkaonetsa kuti mphatso ikuchedwa.

Choyamba chimene ntchembere zinkaganiza chinali pakati, ndipo m'menemo sizinkalakwa, pakuti kufikira lero palibe chifukwa china chimene chimaimitsa msambo wa mkazi wamsinkhu wobereka kawirikawiri koposa chimenechi. Koma popeza kunalibe choyezera, sizinkafulumira kulankhula. Zinkayang'ana nseru ya m'mawa, kukana zakudya zina ndi kulakalaka zina, kuda kwa nsonga za mawere, ulesi ndi tulo tamasana. Ndipo umboni wotsiriza unali kugunda kwa mwana m'mimba cha m'mwezi wachinayi kapena wachisanu. Ikakhala mimba yoyamba, anamkungwi ankaitanidwa kudzachita chisamba, chimene Ayao amachita mofanana nachitcha litiwo. Pamenepo namwali ankalangizidwa za kadyedwe, za kavalidwe, za kupirira pa tsiku la kuchira, ndipo mwamuna wake ankachenjezedwa kolimba kuti asayende njira zachilendo kufikira mwana atatengedwa. Ine ndimaona ubwino waukulu m'kudekha kumeneku. Mimba zambiri zimapita padera m'miyezi itatu yoyamba, ndipo akuluakulu aja, posalengeza msanga, ankaphimba mkazi ku manyazi ndi ku mafunso pamene chisoni chotere chamugwera.

Chachiwiri chinali bere. Mayi aliyense wa kumudzi ankadziwa kuti malinga mwana akuyamwa usana ndi usiku, msambo umachedwa kubwerera, nthawi zina chaka chathunthu, nthawi zina kupitirira. Ndipo palibe ankamutengera mayi wotere kwa sing'anga. Pamwamba pa ichi anaikapo mwambo wa kudika, woti mwamuna ndi mkazi asakhale malo amodzi kufikira mwana atalowetsedwa kumphasa, ndiponso manyazi aakulu a kutumbiza, pakuti mayi woima mwana wake asanayende ankasekedwa pachitsime, ndipo mwana wolandidwa bereyo ankanyentchera, nakhala nthumbidwa. Sanadziwe dzina la chimene chinkachita zimenezi m'thupi, koma anadziwa ntchito yake. Anthu a sayansi anadzapeza kuti kuyamwa kwa mwana kumachititsa kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo, kotchedwa pituitary, kutulutsa homoni ya prolactin imene imapangitsa mkaka, ndi kuti kuyamwa komweko kumatontholetsa uthenga umene ubongo umatumiza kuti dzira likhwime. Ndipo mu 1988 akatswiri atasonkhana ku Bellagio, m'dziko la Italy, anagwirizana kuti mayi amene akuyamwitsa mwakathithi, amene msambo wake sunabwerere, ndipo mwana wake sanakwane miyezi 6, ali wotetezeka ku pakati kuposa 98 pa 100. Chimene anawonjezera pa nzeru za agogo ndi malire ake okha: kuti miyezi 6 ikapita, kapena mwana akayamba phala, dzira lingathe kukhwima msambo usanaoneke, ndipo mayi angaime asanasambe n'kamodzi komwe. Pamenepa ndi pamene amayi ambiri akhala akudzidzimuka, chiyambire pamene mwambo wa kudika unafooka.

Chachitatu chinali ukalamba, ndipo ichi sichinkaliridwa. Mkazi akafika zaka zimene ife lero timaziwerenga pakati pa 45 ndi 55, msambo unkayamba kudumphadumpha, nuleka. Ndipo kuyambira pamenepo iye ankakhala munthu wozizira, woyenera kugwira zinthu zimene akazi otentha sakanazikhudza: kufulula mowa wa nsembe, kulandira mwana wobadwa kumene, kulowa m'chikuta, kulanga anamwali. Buku Lopatulika litafika lathunthu m'chinenero chathu mu 1922, amayi okalamba sanavutike kumvetsa kuseka kwa Sara kuhema kuja, pakuti ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la kuleka kwa machitidwe a akazi.

Kufikira apa nzeru za makolo zinali zolunjika, ndipo akulu anali ndithu m'dambo mozimira moto. Koma panali mkazi wina amene nzeruzo sizinkamufikira: wachitsikana, wosayamwitsa, amene miyezi inkapita isanu, isanu ndi umodzi, chaka, msambo osaoneka ndipo mimba osakula. Pa iyeyu ndi pamene mwambo wathu unachimwa, ndipo sitiyenera kubisa. Popeza thupi silinkapereka yankho looneka, yankho linkafunidwa mwa anthu. Ankapita kukaombeza ula, ndipo ula sunkabwerako wopanda dzina: mkazi mnzake wa pamitala wamumanga, kapena azakhali ake amene sanalandire kanthu paukwati, kapena mwamuna amene anamukana kale, kapena iye mwini analumpha mwambo wina, mwina anamanga mkuzi wa mfundo m'chiuno mobisa kuti asabereke. Mabanja anapasuka pa milandu yotere, ndipo abale anasamuka kukamanga mudzi wina. Mkaziyo ankamwetsedwa mizu yowawa yoti imutsegule, ina yopanda mphamvu, ina yamphamvu yoopsa imene inkatsegula m'mimba ndi kufooketsa thupi lodwala kale. Ndipo zonse zikakanika ankatchedwa chumba, dzina limene m'mudzi wolemekeza ana koposa chuma chonse linali lolemera ngati imfa.

Panalinso chinthu china chomvetsa chisoni kwambiri, chimene chimachitika mpaka lero. Mkazi wolakalaka mwana ndi mtima wake wonse amatha kuleka kusamba, mimba n'kutupa, mawere n'kukula, iye n'kumamva ngati mwana akugunda, chikhalirecho m'chiberekero mulibe kanthu. Sizisankha mphawi kapena mfumu: Mary, mfumukazi ya England, anakonzeredwa zonse za uchembere mu 1555, anthu nadikira miyezi, koma mwana sanabadwe. Kwathu kuno miyezi ikakwana mimba n'kuphwa, ankati afiti aba mwana m'mimba, ndipo gogo wina wosauka wa kumapeto kwa mudzi ndiye ankasenza mlanduwo.

Mavuto amenewa anakula pamene Azungu anafika ndi msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna nayamba kupita kukafuna ndalama kutali. A Wenela anayamba kulemba anthu m'dziko muno mu 1903, ndipo ena ankayenda pansi okha kunka ku migodi ndi ku mafamu a Southern Rhodesia ndi ku Joni. Komiti imene boma la atsamunda linaika mu 1935 inawerengera kuti amuna okwana 120,000 anali kunja kwa dziko, ambiri a iwo machona osatumiza kalata. Taganizani tsono za mkazi wotsala. Ankalima yekha munda wa anthu awiri, kusenza nkhuni ndi madzi, kufuna ndalama ya msonkho, kudya pambuyo pa ana ake, ndi kugona ndi mtima wosadziwa ngati mwamuna wake ali moyo. Lero tikudziwa kuti ntchito yakalavulagaga, chakudya chochepa ndi nkhawa yosatha, zitatuzi zikakomana, zimakwanira kuimitsa msambo wa mkazi wabwinobwino kwa miyezi yambiri. Koma achibale a mwamuna, poona kuti mlamu wawo wadumpha miyezi mwamuna ali ku Joni chaka chachiwiri, anali ndi tanthauzo limodzi lokha. Ankhoswe ankaitanidwa, mkazi nafunsidwa dzina la mwamuna amene kunalibe. Nthawi inkamuyeretsa, pakuti mimba sinkaoneka, koma mbiri yoipa inali itayenda kale, ndipo kawirikawiri inkasanduka mlandu wina woipirapo, wakuti wataya mimbayo mobisa.

Njala ndiyo inaphunzitsa dziko lonse lapansi chimene mudzi sunathe kuona mwa mkazi mmodzi, pakuti pa njala akazi ankaleka kusamba onse pamodzi, ndipo panalibe wonena kuti onsewo amangidwa. Madokotala a ku Germany anaona zimenezi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, chakudya chitasowa m'mizinda yawo. Zinaonekanso poyera ku Holland m'nyengo yozizira ya 1944 ndi 1945, pamene asilikali a Germany anatseka njira za chakudya. Dokotala wa ana wa ku America, Clement Smith, atafufuza ku Rotterdam ndi ku The Hague, analemba mu 1947 kuti pafupifupi theka la akazi a kumeneko linaleka kusamba, ndipo kuti chakudya chitabwerera msambo unabwereranso. Patangopita zaka ziwiri chilembere iye, njala yaikulu inagwa kwathu kuno. Mvula inadula kumayambiriro kwa 1949, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo m'boma la Blantyre, cha ku Lunzu ndi ku Lirangwe, anthu anadya mizu ndi gaga. Megan Vaughan, amene anadzacheza ndi amayi opulumuka njalayo nasindikiza buku lake mu 1987, anamva kwa iwo mmene amuna ambiri anachokera ponena kuti akukafuna chakudya kwawo, osabwereranso, akazi natsala ndi ana pakhomo popanda nkhokwe. Thupi la mkazi wotere limachita monga mlimi wanzeru amene sataya mbewu yake m'nthaka youma: ubongo ukaona kuti chakudya sichikukwanira moyo umodzi, umaleka kutumiza uthenga woyambitsa moyo wachiwiri. Si nthenda ya chiberekero ayi, ndipo mankhwala ake ndi nsima. Chimodzimodzinso matenda onse owondetsa, monga chifuwa chachikulu, ndi Edzi imene inatigwera kuyambira m'ma 1980 mankhwala otalikitsa moyo asanafike, ankaimitsa msambo m'njira yomweyi.

Amishoni, amene anakhazikika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876 ndi ku Nkhoma mu 1896, anadza ndi zipatala ndi anamwino, ndipo anapulumutsa amayi ambiri pa uchembere. Koma pa funso la mwezi wosaoneka, kwa nthawi yaitali analibe choposa cha anamkungwi, ndicho maso, manja ndi kudikira. Analimbana ndi chinamwali, ndipo a mpingo wa Nkhoma, pozindikira kuti mtsikana sangakule wopanda womulanga, anaika chilangizo m'malo mwake, ntchito ya anamkungwi nigwera alangizi a mumpingo. Choyezera pakati chenicheni chinatulukira ku Berlin cha m'ma 1927, pamene Selmar Aschheim ndi Bernhard Zondek anapeza kuti mkodzo wa mayi woyembekezera uli ndi homoni imene imasintha mazira a mbewa. Koma njira yawo inkafuna kupha mbewa zingapo ndi kudikira masiku. Njira yabwinopo inachokera ku Africa kuno. Lancelot Hogben, akuphunzitsa ku yunivesite ya Cape Town, ankafufuza chule wa m'madzi wa zikhadabo wotchedwa Xenopus. Ndipo m'zaka za m'ma 1930 kunadziwika, mwa ntchito yake ndi ya Hillel Shapiro ndi Harry Zwarenstein, kuti chule wamkazi akabayidwa mkodzo wa mayi wapakati amaikira mazira tsiku lisanathe, iye mwini osafa. Achule amenewa anatumizidwa m'maiko ambiri, nagwira ntchitoyi mpaka m'ma 1960. Koma zonsezi zinali za m'mizinda ikuluikulu ya kutali. Mayi wa ku Dowa kapena ku Ntcheu anapitiriza kudikira kugunda kwa mwana, kufikira tizipangizo totsika mtengo toyezera mkodzo titafika m'zipatala zathu m'zaka zaposachedwa.

M'zaka zomwezo madokotala anayamba kupeza mayina a matenda a mkazi uja amene ula unkamunamizira. Mu 1935 Irving Stein ndi Michael Leventhal a ku Chicago anafotokoza za akazi 7 amene ankasamba mwa apo ndi apo kapena osasamba konse, ena onenepa, ena omera tsitsi pachibwano, osaima, ndipo m'timatumba ta mazira awo munali tizotupa tambirimbiri. Nthenda imeneyi ndi yofala, ndipo masiku ano, pamene kunenepa ndi matenda a shuga zikuchuluka m'matauni mwathu, ikuonekera kwambiri. Mu 1948 Joseph Asherman anafotokoza mmene chiberekero chimamatirirana m'kati chikapalidwa kwambiri pambuyo pa kupita padera kapena kuchira. Ena anaonetsa kuti chithokomiro chikafooka kapena chikachita changu chopitirira, msambo umasokonezeka. Kuti kachotupa kakang'ono ka pa pituitary kangachititse mkazi wosayamwitsa kutuluka mkaka ndi kuleka kusamba, monganso amachitira mankhwala ena a matenda a misala. Ndi kuti mkazi mmodzi mwa 100 amatha mazira asanakwane zaka 40.

Koma imene imandikhudza mtima koposa ndi imene Harold Sheehan anaifotokoza ku Glasgow mu 1937, pakuti ndi nthenda ya amayi ochirira kutali ndi chithandizo. Mayi akataya magazi ochuluka pobereka, nakomoka, kachiwalo ka pansi pa ubongo kaja, kamene kamakula pa nthawi ya pakati, kamasowa magazi nikafa, kena kapena konse. Mayiyo amadzuka, anthu nathokoza kuti wapulumuka. Koma mkaka subwera, msambo subwereranso, tsitsi la m'khwapa limathothoka, ndipo iye amakhala wofooka, wozizidwa, wa tulo, zaka ndi zaka. Ndi angati m'midzi yathu amene anatchedwa aulesi, kapena olodzedwa, kapena anasiyidwa ukwati, chikhalirecho anali ndi bala losaoneka limene analitenga pa tsiku lopatsa mudzi mwana? M'maiko olemera nthendayi yasowa chifukwa kutaya magazi kumathandizidwa msanga; kwathu, kumene kutaya magazi kukadali pakati pa zinthu zopha amayi ambiri pa uchembere, sinathe.

Chifukwa chatsopano koposa zonse, chimene lero chimaimitsa msambo wa amayi ambiri m'Malawi, chinalowa m'dziko mochedwa ndi movutikira. M'zaka za m'ma 1960 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linaletsa ntchito za kulera, poti dziko linali ndi malo ndipo linkafuna anthu. Ndipo pamene linalola mu 1982, linalola pa dzina la kupereka mpata pakati pa ana, chinthu chimene akuluakulu sakanachikana popeza ndi iwo omwe ankanyoza kutumbiza. Banja La Mtsogolo linayamba mu 1987, ndipo ndondomeko ya boma ya chiwerengero cha anthu inadza mu 1994. Kafukufuku wa 1992 anapeza kuti amayi okwatiwa 7 okha mwa 100 ndiwo ankagwiritsa njira zamakono zolerera. Wa 2015 ndi 2016 anapeza 58 mwa 100, ndipo oposa theka la iwo anali a jakisoni wa Depo, amene tsopano amabayidwa ngakhale ndi alangizi a zaumoyo m'midzi. Jakisoniyu ali ndi mbiri yake yowawa: ku Rhodesia, kumene abale athu ambiri ankagwira ntchito m'mafamu, kunamveka madandaulo akuti akazi akuda ankabayidwa mokakamizidwa, ndipo boma latsopano la Zimbabwe linamuletsa mu 1981, ngakhale anadzaloledwanso pambuyo pake. Tsono mwa amayi amene abayitsa kwa chaka chimodzi, pafupifupi theka amaleka kusamba kotheratu, ndipo akasiya kubayitsa, pamatha kupita miyezi yambiri, nthawi zina chaka, thupi lisanabwerere m'malo mwake.

Apa ndi pamene nzeru zakale ndi zatsopano zikusemphana mpaka lero. Mtsikana analangizidwa kutsimba kuti msambo umachotsa zoipa m'thupi, ndi kuti magazi amenewo ali ndi mphamvu yodwalitsa ena. Tsono akauzidwa kusikelo, mwachidule ndi mothamanga chifukwa mzere ndi wautali, kuti asadandaule akaleka kusamba, funso limene amabwerera nalo kunyumba ndi lakuti: nanga magaziwo akupita kuti? Anzake amamuyankha kuti akuunjikana m'mimba, adzaundana, adzasanduka chotupa, adzamutseka kubereka. Mantha amenewa si uchitsiru, pakuti amatuluka molunjika m'zimene anaphunzitsidwa ndi anthu amene amawakhulupirira. Koma si oona. Magazi a msambo sakhala penapake kudikira tsiku lotuluka. Mwezi uliwonse khungu la m'kati mwa chiberekero limakhuthala pokonzekera kulandira mwana, ndipo mwana akapanda kubwera limayoyoka, ndiwo msambowo. Jakisoni amaletsa khungulo kukhuthala, choncho palibe choyoyoka, palibenso chotsalira. Mawu ochepa amenewa akadaphunzitsidwa kwa anamkungwi ndi alangizi a m'mipingo pamene kulera kunkayamba, amayi ambiri sakadasiya jakisoni mwamantha n'kutenga mimba imene sanaikonzekere. Koma a zaumoyo analankhula ndi mayi mmodzimmodzi, nalambalala iwo amene mayiyo amakawafunsa madzulo ake. Ndipo azamba, amene akadakhala mlatho, analetsedwa kubereketsa mu 2007, ndipo ngakhale chiletsocho chinafewetsedwa mu 2010, ulemu wawo pamaso pa chipatala sunabwerere.

Mwambo wa mchere ukutha m'matauni, chidyerano chinatha, ndipo mkazi wokhala m'nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Kawale alibe ntchembere yomuwerengera miyezi. M'zimenezi muli ufulu, ndipo sindikhumba kuti masiku a ula abwerere. Koma mulinso kusungulumwa, ndipo chizolowezi choweruza msanga sichinathe pamodzi ndi mwambowo. Mtsikana wa kusukulu yogonera komweko, amene wasintha malo ndi chakudya, amene akuwerenga usiku poopa mayeso, angathe kudumpha miyezi iwiri kapena itatu popanda china chilichonse, makamaka m'zaka zoyamba atatha msinkhu pamene thupi silinakhazikike. Koma akaulula, kawirikawiri chimene amalandira ndi kalata yoitana makolo, ndipo chifukwa cha ichi ambiri saulula. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anatero akale. Koma munthu satsekula chitseko chimene kuseri kwake kwaima woweruza.

Madokotala a lero anaika muyeso wofanana ndi uja wa ntchembere: mkazi amene ankasamba mwezi ndi mwezi akadumpha miyezi 3, kapena wosamba modumphadumpha akafika miyezi 6, ayenera kuonedwa. Choyamba amayeza mkodzo, ngakhale mkaziyo anene kuti n'zosatheka, pakuti pali mimba imene imakhala kunja kwa chiberekero, m'njira ya dzira, ndipo mkazi wodumpha mwezi amene wayamba kumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, kudontha magazi pang'ono kapena chizungulire, sayenera kudikira kuti kuche. Pakati pakapanda kupezeka, amafunsa za kuyamwitsa, za njira yolerera, za mankhwala amene akumwa, za kuwonda kapena kunenepa, za chifuwa chokhalitsa, za mkaka wotuluka wopanda mwana, za mutu ndi maso, za kutentha kwa thupi usiku, ndi za mmene uchembere wotsiriza unayendera. Ndipo pamene pafunika kuyeza mahomoni m'magazi kapena kuunika m'mimba, amatumiza ku chipatala chachikulu. Salola kuti zaka zipite chifukwa cha zinthu ziwiri zimene makolo sakanaziona ndi maso: kuti mkazi amene mazira ake aleka msanga, kapena amene waleka kusamba chifukwa cha kuwonda, mafupa ake amafooka mwakachetechete nathyoka msanga paukalamba, ndi kuti mwa mkazi wa nthenda ija ya Stein ndi Leventhal, khungu la m'chiberekero limakhuthalabe osayoyoka, ndipo likasiyidwa chomwecho zaka zambiri lingathe kuyambitsa khansa, chinthu chimene mapiritsi otsika mtengo, omwedwa monga dokotala walangizira, amachiletsa.